Miyezi 8 ndi zram pa laputopu ya 4 GB: mmene zayendera

Mu Malichi ndinalemba kuti ndayika zram (njira ya Linux yofinyira zinthu mu memory ya kompyuta) pa laputopu ya pa shopu yathu yosindikiza mapepala pa Chitakale, ndipo ena munati ndidzakuuzeni ikagwira ntchito kwa kanthawi. Nthawiyo yakwana.

Makinawo ndi okalamba: RAM (memory yogwirira ntchito) ya 4 GB, hard disk yozungulira ija, ndi Debian 12 (mtundu wa Linux) yomwe imabwera ndi kernel 6.1 (kernel ndiye mtima wa Linux, womwe umayendetsa memory ndi zida za makina). Kale mwana wa sukulu akabwera kudzalemba fomu pa intaneti, ine ndili ndi LibreOffice ndi masamba khumi a Firefox, RAM inkadzaza, kernel n'kuyamba kukankhira zinthu ku swap ya pa disiki, malo osungirako zomwe zasefukira mu RAM. Kanyali ka disiki kankangoyaka osazima, chilichonse chitauma, mwiniwake wa fomu maso ali ku minibasi ya ku Limbe.

Kernel imasunga memory m'timagawo ta 4 KB. Pakakhala zram, timagawo tomwe tatenga nthawi osakhudzidwa sitipitanso ku disiki. Kernel imatifinya n'kutisunga mu RAM momwemo, monga timatsenderera chimanga m'thumba kuti chilowe chambiri. Si chinthu chachilendo: chinakhazikika mu kernel 3.14 mu 2014, Fedora inayamba kuchiyatsa yokha mu 2020, ndipo mafoni ambiri a Android amachigwiritsa ntchito.

Pa njira zofinyira, ndinayamba ndi lz4, kenako ndinasamukira ku zstd, yomwe imafinya kwambiri koma imalemetsako processor. Ndikalemba zramctl (lamulo loonera mmene zram ikuyendera) masana ntchito ili mkati, zomwe zasungidwa zimakhala zitachepa pafupifupi katatu. Chomwe chinasintha zinthu kwenikweni ndi swappiness, nambala yomwe imauza kernel kuti izifulumira motani kukankhira zinthu ku swap. Imabwera ili pa 60, koma kuyambira kernel 5.8 imatha kufika pa 200. Ndinayiika pa 150, kutanthauza kuti kernel isamaope kufinya, m'malo motaya mafayilo omwe yawerenga kale n'kukawatenganso ku disiki yochedwa ija. Kuchokera tsiku limenelo, kuuma kwa mphindi zingapo kuja sindinakuonenso pa ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Cholakwa chimodzi chinali changa. Posangalala, ndinachotseratu swap ya pa disiki, osaganiza kuti hibernate (kusunga ntchito yonse yotsegula makina asanazime) imafuna malo omwe satayika makina akazima, pamene zram imafa limodzi ndi magetsi. Batire yathu ndi yotha kale. Tsiku lina magetsi atazima ndinataya pulogalamu ya ukwati yomwe ndinali nditatsala pang'ono kumaliza, ndipo zinandipweteka chifukwa mayi amene anabweretsa ntchitoyo anali atachokera ku Limbuli. Ndinabwezeretsa swap ya pa disiki, n'kuipatsa priority yotsika kuti kernel izidzaza zram kaye.

M'kutentha kwa Okutobala fani inkalira kuposa kale, koma makina sanazime okha.

Pomwe zram imagonja ndi pa zithunzi zikuluzikulu za sikana ndi makanema. RAM ikadzaziratu palibe chofinyanso, ndipo OOM killer ya kernel, yomwe imatseka mapulogalamu memory ikatha, imachedwa kudzuka. Ndinawonjezera earlyoom, yomwe imatseka pulogalamu yodya kwambiri makina asanaume. Yanditsekerapo tsamba la Firefox kangapo, ndipo ndavomera.

Laputopu yachiwiri ya pa shopu ndayiikanso zram sabata yatha. RAM ina ya 4 GB ndikagulabe ku Limbe ikatha nyengo ya mafomu, chifukwa ntchito ya sikana ndiyo ikukula.