MUBAS kapena MUST: zomwe ndinaona pofufuzira mwana wa mlongo wanga sukulu ya uinjiniya

Mwana wa mlongo wanga, yemwe ndakhala ndikumulipirira fizi kuyambira Fomu 1, atakhoza bwino mayeso a MSCE anandiuza mosapita m'mbali kuti akufuna kuphunzira uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala, umene pa mafomu amaulemba kuti biomedical engineering. Maganizowa sanawatole m'buku. Agogo ake atagonekedwa pa chipatala china kuno ku Lilongwe, iye ndiye anali gadiyani, ndipo kwa masabata awiri ankadutsa pakhonde pomwe anaunjikapo makina othandiza kupuma, atachita fumbi, zingwe zake zitakulungidwa pamwamba, pamene m'wodi odwala ankasinthana makina amodzi. Tsiku lina nditapita kukazonda matenda anandikokera pambali nandifunsa kuti, "Amalume, kodi amene amakonza zimenezi ali kuti?"

Maphunzirowa amapezeka ku Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS) ku Blantyre komanso ku Malawi University of Science and Technology (MUST) ku Thyolo, konseko amatenga zaka zisanu, ndipo sukulu zonse ziwiri zili kummwera, mtunda wopitirira makilomita 300 kuchokera kwathu ku Area 25. Popeza pofunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'sukulu zaukachenjede, mwana amayenera kundandalika maphunziro amene akufuna motsatira mmene akuwakondera, funso lakuti ayambe ndi iti silinali laling'ono. Ndinaona kuti zongomva sizikwanira, choncho tinakwera basi ya m'mawa, kudutsa Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, kuti tikadzionere tokha.

Tinayambira ku MUBAS, imene anthu a msinkhu wanga timaitchabe Poly. Sukuluyi inayamba mu 1965, ndipo inakhala nthambi ya University of Malawi mpaka mu 2021 pamene inaima payokha. Ili m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, pakati penipeni pa phokoso la Blantyre, ndipo ukalowa umamva kuti pamalopa padutsa mibadwo yambiri ya mainjiniya. Chimene chinandigwira mtima kwambiri si nyumba zake, koma kuyandikana kwake ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe munthu amafikako wapansi kudzera pa Ginnery Corner. Kwa wophunzira wa zipangizo za m'chipatala, chimenechi ndi chuma chenicheni, chifukwa makina amene akuwaphunzira m'kalasi akugwira ntchito, ndiponso akuwonongeka, pafupi pomwepo. Ku Queens komweko n'kumene madokotala, mogwirizana ndi a Rice University ya ku America, anayesera makina otchedwa Pumani, othandiza kupuma makanda obadwa masiku asanakwane, omwe anapangidwa ndi timapampu tofanana ndi topopera mpweya m'madzi osungiramo nsomba. Nditamufotokozera mtsikanayo zimenezi, anakhala chete kwa nthawi, kenako anati, "Ndiye kuti zimatheka ndi zinthu wamba." Ubwino wina ndi wakuti pasukulu yomweyo pali ophunzira uinjiniya wa magetsi, wa makina, wa zomangamanga ndi wa migodi, kotero kuti wophunzira akakanika pa waya kapena pa chitsulo sasowa mnzake womufunsa, ndipo makampani a ku Makata ndi ku Limbe, kumene ana amakafuna malo a atachimenti, ali pamtunda wa minibasi imodzi.

Koma tauni ili ndi mtengo wake. Ophunzira ambiri a ku MUBAS amachita lendi m'madera ozungulira monga Chitawira, Naperi ndi Nkolokosa, ndipo kholo liyenera kuwerengera za nyumba, chakudya ndi mayendedwe mwezi ndi mwezi, osaiwala nkhawa yakuti mwana wamkazi akuchoka ku laibulale usiku kubwerera kumene akugona.

Mmawa mwake tinanyamuka ku Limbe kupita ku Ndata, m'boma la Thyolo, kufupi ndi Goliati, ulendo wosakwana ola limodzi. MUST ndi sukulu yatsopano poyerekeza ndi inzake: inamangidwa ndi ngongole yochokera ku China ndipo inalandira ophunzira oyamba mu 2014. Ndivomereze kuti malowa ndi okongola, nyumba zake n'zazikulu, misewu yake ndi yotakasuka, ndipo bata lake ndi lakuti umamva mapazi ako poyenda. Mwana amene amasokonezeka msanga ndi za m'tauni angapindule nalo kwambiri bata limeneli, chifukwa pamalopo palibe chambiri chochita kupatula kuwerenga. Sukuluyi imadziwika ndi uinjiniya wa makemikolo komanso wa zitsulo, ndipo wophunzira amene akufuna njira zimenezo sindingamukayikitse kuika MUST patsogolo. Chimene ndinachiona kuti n'chochepa pa nkhani ya mwana wathuyu ndi mtunda wokafika ku chipatala chachikulu, pakuti kuona makina enieni ali pa wodwala kumafuna ulendo wochita kukonzekera, osati kungowoloka msewu.

Pa nkhani ya ndalama, sukulu zonsezi ndi za boma, ndipo ophunzira ake angathe kufunsira ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, la HESLGB. Komabe ndikulangiza makolo anzanga kuti asaike mtima wonse pa ngongoleyo, chifukwa si aliyense wofunsira amene amapatsidwa, ndipo laputopu, nsapato zolimba za ku wekishopu ndi thiransipoti yobwerera ku Lilongwe pa holide zimatuluka m'thumba la kholo.

Titabwerera kunyumba tinakhala pansi ndi mlongo wanga, pepala ndi cholembera zili patebulo, ndipo tinagwirizana kuti MUBAS ikhale yoyamba, MUST yachiwiri. Zifukwa zinali ziwiri zokha: kuyandikana ndi Queens, komanso kuti azakhali ake a mwanayu amakhala ku Chitawira ndipo anavomera kumusunga, zimene zinachotsa mtolo wa lendi. Pakanapanda azakhaliwo, ndikukhulupirira kuti ndikanatembenuza ndondomekoyo, chifukwa sindikanalola kuti mtsikana wa zaka 18 akayambe moyo wa lendi yekha mumzinda umene sakuudziwa, ngakhale chipatalacho chiyandikire chotani. Mlongo wanga anafunsa ngati dzina la sukulu lidzakhale ndi kanthu pofuna ntchito, ndipo ndinamuyankha kuti onse omaliza maphunzirowa amadzalembetsa ku bungwe limodzi la mainjiniya, Malawi Engineering Institution, ndipo olemba ntchito adzafuna kuona ngati mwanayo angatsegule makina n'kupeza chimene chavuta. Fomu tinaitumiza sabata yomweyo, ndipo pakadali pano mtsikanayo akuthera masana ake kwa amisiri ena okonza mawailesi pamsika wa Nsungwi, kuphunzira kugwira chitsulo chowotcherera mawaya pamene tikudikira mayina.