Miyezi 14 ndikuvala wotchi yakale ya quartz yolira alamu

Nditangoipeza wotchiyi ndinalemba mawu ochepa oiyamikira. Ndinati ndi ya zaka za m'ma 1980, ya mivi osati ya manambala, ikusunga nthawi bwino ndipo alamu yake imadzutsa munthu. Papita miyezi 14 tsopano ndikuivala pafupifupi tsiku lililonse. Zambiri zomwe ndinanena zija zidakali zoona, kungoti pa nkhani ya alamu ndinafulumira kukamwa.

Za kasungidwe ka nthawi ndilibe nazo dandaulo. Ndimaiyerekeza ndi foni tsiku loyamba la mwezi uliwonse, ndipo ndimaipeza itatsogola ndi masekondi 8 mpaka 11. Mwezi umene ndinaisiya masiku ambiri m'kabati kukuzizira, inatsogola pang'ono chabe. Sizodabwitsa. Kamwala ka quartz kamene kali m'katimo kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo kabolodi ka magetsi kamagawa nambalayi pakati ka 15 mpaka kutsala kugunda kumodzi kokankha kamota ka mivi. Kamwalako kamathamanga bwino pa madigiri 25 kapena chapompo. Kukazizira kapena kutentha kuposa apo, kamachedwerako. Pali kasikulu kosinthira liwiro, koma sindinakagwire. Masekondi khumi pa mwezi si chifukwa chotsegulira wotchi ya zaka pafupifupi 40.

Alamu imatcheredwa ndi kachitsulo kachiwiri kopotokola, kamene kamayendetsa muvi wachinayi. Wilo la maola likafika pomwe pali muviwo, tizitsulo tiwiri timakhudzana n'kuyatsa kulira. Ndiye musayembekezere kuti ilira pa mphindi yeniyeni. Yangayi imalira mphindi zitatu kapena zinayi nthawi isanakwane, ndipo ndinangozolowera. Siidziwanso m'mawa kapena madzulo. Mukaitchera 5 koloko n'kuiwala kukankha kachitsuloko, idzaliranso 5 koloko inayo, muli pakati pa anthu. Zinandichitikira kawiri.

Mavuto enieni anayamba mwezi wachisanu. Muvi wa masekondi unayamba kudumpha awiriawiri, chomwe pa wotchi zambiri zotere n'chizindikiro choti batire likutha. Nditatsegula ndinapeza kuti amene anaikonza kale anaikamo batire la alkaline, ndipo m'mbali mwake munali mutayamba kutuluka ufa woyera. Mwayi wake unali usanafike pa kabolodi. Ndinapukuta tizitsulo togwira batire ndi kathonje konyowetsa sipiriti, ndinaikamo la silver oxide la mavoti 1.55, n'kutseka. Mivi inayenda. Alamu, zii.

Masiku atatu ndinakhulupirira kuti ndaipha. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mawu a wotchiyi satuluka m'makina ayi. Amatuluka m'chivundikiro cha kumsana. M'kati mwa chivundikirocho anamatamo kambale kopyapyala kotchedwa piezo, kamene kamapindika magetsi akakafika, ndipo chivundikiro chonse chimanjenjemera nako. Magetsiwo amadutsa m'kasipuling'i kakang'ono kwambiri, kochepa kuposa nyerere, kamene kamangoima m'kabowo popanda choikagwira. Ine potembenuza wotchi kuti batire ligwe, kasipuling'iko kanagwa nako. Ndinakapeza pansalu yomwe ndinayala patebulo, nditaunika ndi tochi chapambali. Nditakabwezera, alamu inalira. Kuyambira pamenepo ndimajambula m'kati ndi foni ndisanagwire chilichonse, ndipo sinditembenuzanso wotchi ili yotsegula. Onetsetsaninso kuti chivundikiro chabwerera momwe chinalili, kuti kambaleko kakumane ndi sipuling'i, ndipo pamene zimakhudzanapo pakhale poyera. Thukuta louma lokha limatha kuchepetsa mawu. Ndikaona wotchi ikugulitsidwa ndi mawu oti "alamu siigwira", masiku ano ndimayamba ndakayikira kasipuling'iko.

Koma kuliranso kwake kunali kosasa mawu, ndipo apa cholakwa chinali changa. Ndinagula batire la nambala 395 m'malo mwa 399. Kukula n'kofanana ndendende, mamilimita 9.5 m'mimba mwake, ndiye limalowa bwinobwino. Kusiyana kwake n'kwakuti 395, lomwe limalembedwanso SR927SW, analipangira wotchi zokoka magetsi pang'onopang'ono, pamene 399, kapena SR927W, limapirira kukokedwa mwamphamvu kwa kanthawi, monga momwe alamu imachitira. Chilembo chimodzi chokhacho. Makampani ena amapanga batire limodzi lolembedwa nambala zonse ziwiri, ndipo limenelo ndi lomwe lilimo panopa. Mawu anabwerera mwakale.

Pamkono mawu amamira, chifukwa khungu limatsekereza chivundikiro chomwe chimafunika kunjenjemera. M'bulangete ndiye simungaimve n'komwe. Ndikaigoneka pa tebulo la matabwa usiku imamveka chipinda chonse, ndipo m'mawa sinandiphonyepo.

Pali chinthu china chomwe ndimachiopa kuposa kasipuling'i, ndicho koyilo, waya wokulungidwa umene umayendetsa kamota ka mivi. Ili pafupi ndi batire, ndipo waya wake ndi wopyapyala kuposa tsitsi. Sikuludiraiva ikangoterereka n'kuikanda, wotchi yaima basi, ndipo palibe chomata. Batire ndimalinyamula ndi kopanira ka pulasitiki, chifukwa kopanira kachitsulo kamalumikiza mbali zake ziwiri n'kulitha mphamvu. Kamphira kotseka madzi ndinakapeza katauma ngati chikopa, ndinasintha n'kupaka girizi wa silicone pang'ono. Ngakhale zili choncho madzi sindiiyandikitsa. Tizitsulo tiwiri topotokola ndi makomo awiri olowera chinyezi, ndipo zolembedwa kumsana zoti siilowa madzi zinali zoona ili yatsopano. Deti sindilisintha pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'mawa, nthawi yomwe magiya ake amakhala atalumana kale. Tsiku lina inaima nditaisiya pa sipika. Nditaichotsapo inayambanso kuyenda, popeza kamota kake ndi ka maginito.

Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti m'katimo ndi mwa chitsulo ndi masikulu, zopangidwa kuti munthu amasule, atsuke, athire mafuta. Nthawi imene wotchiyi inkapangidwa quartz inali idakali chinthu chonyaditsa, pakuti wotchi yoyamba yapamkono ya mtunduwu kugulitsidwa, Seiko Astron, inatuluka mu Disembala 1969. Vuto ndi zipangizo. Kabolodi ndi koyilo za makinawa anasiya kupanga, ndiye chikafa chimodzi mumadalira wotchi inzake yakufa. Mwezi watha ndinapeza ina ya makina omwewa, galasi losweka, mivi yadzimbiri. Koyilo yake ndinaiyeza ndi mita, ili bwino. Kasipuling'i kake ndinakachotsa n'kukamata ndi selotepi m'kati mwa kabokosi, n'kulembapo dzina.