Bala yomwe tinaonerako sizoni ya Notre Dame ya 2024, maganizo anga

Anzathu omwe mwangofika kumene kuno ku South Bend mwakhala mukundifunsa kuti kodi gemu ya Notre Dame, timu ya American football ya yunivesite ya kuno ija, mumakaonera kuti poti matikiti a pa sitediyamu ndi odula, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Dzina la malowo sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndidandaule mmusimu, koma ofuna mundipeze pambali ndikulozerani.

Choyamba mudziwe kuti ine mpira wa dzirawu sindinkaufuna ndi pang'ono pomwe. Munthu wokulira pa Bullets ndi Nyerere ukaona anthu atavala zipewa zachitsulo akugundana kenaka kuima, kugundana kenaka kuima, umangoti koma awa ndiye alibe zochita. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandikokera kumalowa tsiku lomwe timuyi inatsegulira sizoni ku Texas A&M nkuwina 23-13, ndipo amene anandiphunzitsa malamulo si mnzangayo ayi, ndi mayi wina wachikulire wogulitsa pa kauntala. Anatenga kapepala kopukutira kukamwa nkujambulapo mizere, akuti timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti iyende mayadi 10, ikakwanitsa imapatsidwanso kanayi, touchdown, kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, ndi mapointi 6, kumenya mpira pakati pa zitsulo ziwiri zija ndi 3. Basi. Zaka zonsezi ndinkangoona ngati ndeu. Mayi amenewa ndi chifukwa chachikulu chomwe ndikuyamikira malowa, ndipo mukapita mukawapatse tipi yooneka, musakachite zakwathu zongoti zikomo amayi nkutuluka, kuno anthuwa amadalira tipiyo.

Masikirini alipo ambiri, kulikonse komwe ungakhale ukuona bwinobwino, ndipo Notre Dame ikamasewera amazimitsa nyimbo nkukweza mawu a gemuyo. Izi ndi zofunika aise, kuli mabala ena amakuikira gemu yopanda mawu kwinaku nyimbo zikugunda ngati pa ukwati.

Tsiku lomwe ndinadziwa kuti malowa ali ndi anthu enieni a mpira ndi la 7 September. Notre Dame inali pa nambala 5 dziko lonse, inaitana Northern Illinois, timu yaing'ono yomwe anailipira 1.4 miliyoni dollars kuti ibwere idzamenyedwe pakhomo, kumeneko ndi mmene amachitira kuno, timu yaikulu imagula gemu yophweka. Alendowo anatenga ndalamazo nkuwinanso 16-14. Mitch Jeter wa Notre Dame anayesa kumenya wa pakati pa zitsulo uja kuchokera pa mayadi 62 pa sekondi yomaliza, anthu anautchinga. Mu bala monse zii ngati pamaliro. Mdala wina yemwe amakhala pakona atavala juzi yakale yobiriwira anangovula chipewa nkuchiika pa tebulo, ndikuyang'ana botolo lake mwina mphindi khumi osalikhudza. Tebulo lina anayamba kukuwa kuti kochi Marcus Freeman achotsedwe, woponya mpira Riley Leonard abwerere ku Duke komwe anachokera. Ine ndinaseka mumtima kuti eti zotukwana kochi zilinso kuno, ndimayesa ndi za pa Kamuzu Stadium zokha kkkk. Eni malo anatibweretsera mbale ya chipisi yaulere tebulo lililonse, sananene kanthu, anangoika nkumapita.

Za chakudya tisanamizane. Mapiko a nkhuku ndi abwino akakhala kuti anthu ndi ochepa, amabwera otentha, khungu lokhuthala bwino. Koma tsabola amene amati ndi wolusa kwambiriyo ndi masewera, munthu wodziwa kambuzi ukhoza kumwa ngati sobo. Baga ndi youma, chipisi ndi chija cha mufiriji chopyapyala, ukachedwa pang'ono chimalimba ngati zotokosera mmano, chiwaya chakwathu chili kutali. Ine ndinazolowera kudyeratu nsima kunyumba ndikupita kukangogula chakumwa ndi mapiko, ndipo ndi zomwe ndikukulangizani.

Chichokereni manyazi a Northern Illinois aja timuyi inawina magemu 13 otsatizana. Purdue anaimenya 66-7 sabata yotsatira ngati akulipsira, Florida State 52-3, Army 49-14 ku Yankee Stadium, USC 49-35, ndipo omwe ankati Freeman achoke aja anayamba kumutchula ngati malume awo. Bala nayo inayamba kudzaza, ndi pomwe mavuto anayambira.

Gemu ya Indiana ya pa 20 December, yoyamba mu playoff yatsopano, ndime yachipulula yolimbirana chikho ya matimu 12, inali Lachisanu usiku kunja kukuzizira koopsa, matimu onse awiri a chigawo chimodzi ndiye mu bala munali anthu ofiira ndi a buluu atasakanikirana. Jeremiyah Love wa Notre Dame atathamanga mayadi 98 kukagoletsa, mowa wa munthu wina unandithira kumsana konse koma sindinakwiye nkomwe, tinangokumbatirana. Inatha 27-17. Koma mapiko omwe ndinaitanitsa gemu isanayambe anabwera pa hafu taimu ali ozizira, ogwira ntchito anali atatu okha pa chikhamu chonsecho, akuthamanga thukuta lili kamukamu mu December. Vuto si iwowo, ndi abwana awo omwe akudziwa kuti kubwera anthu koma safuna kuonjezera manja.

Ya Georgia inasunthidwa kuchoka pa 1 kupita pa 2 January chifukwa cha munthu uja anagunda anthu ndi galimoto ku New Orleans komwe kumachitikira gemuyo, ndiye inagwera Lachinayi masana ambiri tili kuntchito, ine ndinafika itatsala kota imodzi nkupeza zatheka kale, tinawina 23-10. Ya semifainolo ndi Penn State ndiye mtima unatsala pang'ono kuima, Christian Gray wathu kulanda mpira kutatsala masekondi ochepa, Jeter yemwe uja tinkamunena mu September nkumenya wa mayadi 41, 27-24, mdala wa pakona uja analira misozi yeniyeni, akuti chikho anachiona komaliza mu 1988 nthawi ya kochi Lou Holtz.

Tsono dandaulo langa lalikulu ndi la fainolo, pa 20 January ndi Ohio State ku Atlanta. Ife takhala pa tebulo lomwelo kuyambira August, takhalapo ngakhale tsiku lomwe theka la anthu linatuluka gemu isanathe, koma tikufika tinapeza kapepala pa tebulo kuti lasungidwira ena, akuti usiku umenewo matebulo ndi olipiriratu. Palibe anatiuza sabata yapitayo, chikhalirecho tinali pompo. Omwe anakhalapowo sitinawaonepo sizoni yonse, wina mpaka ankafunsa kuti timu yathu ndi iti. Tinaonera choimirira pafupi ndi chitseko, munthu akatsegula mphepo yozizira kulowa mpaka mmafupa.

Gemunso inapweteka. Notre Dame inayamba bwino, kuyenda ndi mpira pafupifupi mphindi 10 Leonard nkugoletsa, tinakuwa ngati tawina kale, kenaka Ohio State inangothira mapointi 31 osayankhidwa. Jaden Greathouse wathu anagoletsa kawiri zinafika 31-23 chiyembekezo nkubwerera, koma Jeremiah Smith wa Ohio State anawakha mpira wa mayadi 56 nkutitseka pakamwa. 34-23, sizoni nkutha ndi mawini 14 ndi kuluza kawiri.

Ndikati ndipereke mamakisi, masikirini ndi mawu 5 pa 5, mayi a pa kauntala aja 5 pa 5, chakudya 2, abwana 1. Magemu wamba pitani, fikani ola limodzi isanayambe, mwadya kale. Ikakhala gemu yaikulu imbani foni kaye mufunse za matebulo, ndipo mutenge jekete lokhuthala mwina nanunso mukaima pa chitseko.