Matplotlib: mzere unasowa, ndinaupeza papepala

Ndimaphunzitsa masamu madzulo kuno ku Area 25, makamaka kwa ophunzira a ku yunivesite amene calculus ikuwavuta, ndipo patha chaka ndikugwiritsa ntchito Matplotlib pojambula ma graph. Ndi yaulere, imayendera pa Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta), ndipo mukangoiika pa laputopu sifunanso bandulo. Kwa ife amene netiweki imabwera mwa apo ndi apo, zimenezi n'zazikulu. Anaiyambitsa John D. Hunter mu 2003, ndipo lero imasamalidwa ndi gulu la anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana.

Ma contour, mtundu umodzi wa ma graph amene Matplotlib imajambula, ndimawafotokoza potengera akalozera. Amene anakulira kumudzi amadziwa kuti mlimi akamayeza munda wotsetsereka amakhoma zikhomo pamalo onse amene ali pa msinkhu umodzi, kenako n'kuunda mzere motsata zikhomozo. Pa kompyuta n'chimodzimodzi: mzere uliwonse umalumikiza malo amene function ikupereka nambala yofanana, ndipo nambalayo imatchedwa level.

Tsiku lina ndinafuna kuwaonetsa pamene (x² + y² − 1)² ikufanana ndi 0. Yankho ndi bwalo la radius 1, aliyense m'chipindamo ankalidziwa. Ndinalemba contour, n'kuika levels=[0]. Chithunzi chinatuluka choyera mbee, ma axis okhaokha. Ndinaganiza kuti madontho a meshgrid, amene pulogalamuyi imawerengerapo function, achepa, ndiye ndinawakweza kuchoka pa 50 kufika pa 500, kenako 1000 mbali iliyonse. Laputopu inayamba kutentha, fani kulira, koma bwalo osaoneka. Mtsikana wina anafunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, kodi si kuti yawonongeka?" Ndinawauza kuti tikumane mawa.

Usiku umenewo ndinatenga pepala n'kujambula timabokosi. Pulogalamuyi siona function yonse ayi. Imawerengera pa madontho okha, ngati mfundo za ukonde, kenako imayang'ana kabokosi kalikonse: ngodya ina ikakhala pamwamba pa level ndipo ina pansi pake, imadziwa kuti mzere wadutsa pakati. Tsono function yanga inali ya square, singatsike pansi pa 0. Imangofika pa 0 n'kubwereranso m'mwamba, monga pansi penipeni pa chigwa. Palibe ngodya imene ikanakhala pansi, ngakhale nditaika madontho mamiliyoni. Nditachotsa square n'kujambula x² + y² − 1 pa level yomweyo, bwalo linatuluka bwinobwino ndi madontho 50 omwe aja. Ndinayesanso function yoyamba ija ndi level ya 0.01, ndipo panabwera mabwalo awiri oyandikana, lina la radius pafupifupi 0.95, lina 1.05. Chithunzi chimenechi chinaphunzitsa ana aja zambiri kuposa zimene ndinakonzekera.

Mizere imasowanso m'njira zina. Mukajambula log(xy), theka la chithunzi limakhala lopanda kanthu, chifukwa pamene x ndi y zili ndi zizindikiro zosiyana NumPy, pulogalamu imene imawerengera manambalawo, imapereka NaN (kutanthauza kuti si nambala), ndipo pa NaN sipajambulidwa mzere. Mukaona timipata pamizere mutagwiritsa ntchito clabel, imene imalemba manambala pamizere, musadandaule, imadula dala kuti nambala ikwane; ikani inline=False mizere ikhala yathunthu. Ndipo mukaisiya Matplotlib kuti isankhe yokha ma level pa function imene imakwera kwambiri pamalo amodzi, mizere yonse imaunjikana pamenepo, kwina konse n'kukhala mbee. Lembani nokha ma level, kuyambira wamng'ono kupita wamkulu, chifukwa mukawasokoneza imakana.

Matplotlib ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Zithunzi zake n'zoyera, mumatha kuzisunga ngati PDF n'kukasindikiza osasokonekera, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yakale ngati yanga. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa si ya munthu amene akufuna kungodina mabatani. Muyenera kulemba code, ndipo wongoyamba kumene amafunika wina womugwira dzanja masabata oyambirira. Ophunzira anga a chaka choyamba ndimawayambitsa ndi pepala la timabokosi lija, ndipo laputopu timatsegula pokhapokha aliyense atandiuza ngodya imene ili pamwamba ndi imene ili pansi.