Mfuti ya Keyala m'galaja mwanga ku Saskatchewan

Achimwene, chithunzi cha mfuti chija ndinaika pa gulu lathu la WhatsApp chautsa mapiri pachigwa. Amayi akuti sanagone, ati mwana wawo walowa gulu la achifwamba ku Canada. Azakhali ati ndidzabwere nayo, anyani awathera chimanga. Ndiye ndati ndilembe bwinobwino kuti muwawerengere onse, poti pa foni timangolandana mawu.

Mfuti ija ndi yanga, ndipo chiphaso ndili nacho. Kuno kumidzi ya Saskatchewan mfuti yosakira nyama ili ngati nkhwangwa kwathu, koma mapepala ake si masewera. Ndinakhala m'kalasi kuphunzira kagwiridwe kake, n'kulemba mayeso, kenako kuyesedwa ndi manja, ndipo wosafika 80 pa 100 walephera. Fomu yopita kupolisi ya RCMP imafunsa ngati banja linatha posachedwa, ngati unachotsedwa ntchito, ngati unadwalapo maganizo. Anthu awiri akuikire umboni. Mlamu wanu nayenso anasaina, atandiyang'ana nthawi yaitali. Ukatumiza sangakupatse masiku 28 asanakwane, ndipo chiphasocho chimatha pa zaka 5. M'nyumba imakhala yopanda chipolopolo, yokhomedwa ndi loko m'kabati yachitsulo. Amayi agone.

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi mdala wina woyandikana naye nyumba, mlimi wopuma, yemwe chaka chilichonse amatigawira nyama ya gwape. Tsiku lina ananditengera ku holo kumene anthu amagulitsana mfuti zakale. Ine ndimangoyenda manja kumbuyo ngati mlendo pamsika wa ng'ombe, mpaka ndinaona kapepala pa mfuti ina yakuda ndi litsiro: .303 British, nambala ya mtundu wa zipolopolo zake. Mtima unagunda. Mukukumbuka mmene agogo aamuna ankaitchulira nambala imeneyi, madzulo pakhonde, akamasimba za Keyala, gulu lawo la asilikali lija la King's African Rifles? Anachoka ku Zomba ali mnyamata, ndipo mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, mvula ikugwa osaleka, malungo akugwetsa anthu. Ife tinkangodikira pamene aimirire n'kuguba ndi ndodo yawo kuti tiseke.

Yanga ndi Lee-Enfield No. 4, yopangidwa mu 1943 pa fakitale ya Long Branch kufupi ndi Toronto, kumene ambiri mwa ogwira ntchito pa nthawi ya nkhondo anali amayi. Imalowa zipolopolo 10. Ukawombera umakweza kampini kachitsulo, kukokera kumbuyo, kukankha, n'kutsitsa, monga timachitira ndi loko wokoka wa pachitseko cha golosale. Chitsulo chimenecho amati bolt. Gulu la Canadian Rangers, lolondera kumpoto kozizira koopsa, linagwiritsa ntchito mtundu womwewu kuyambira 1947 mpaka zaka zaposachedwapa, chifukwa siuma ngakhale kuzizire bwanji.

Nkhondo itatha mfuti zimenezi zinagulitsidwa motchipa, ndipo alenje ankazidula matabwa kuti zipepuke. Yanga inali itadulidwa kale. Thabwa lapansi pa mpope linatsala theka, lapamwamba kulibe, ndipo wina anaipaka vanishi wonenepa ngati wa pabenchi ya kutchalitchi. Osunga mfuti zakale amanyansidwa nazo zotere. Aliyense wowononga mfuti ndi sowo amamutcha Bubba, ndipo dzinali si laulemu. Kwa ine kudulidwako kunali mwayi: mtengo unatsika, komanso ndinali womasuka kuikonza mmene ndifunira osaopa kuti ndikuwononga chuma cha makolo a eni dziko. Mdala uja anangondiikira lamulo limodzi. Thabwa sema mmene ungathere, koma chitsulo usadule, usaboole.

Ndisanawombe ngakhale kamodzi ndinaitengera kwa mmisiri wa mfuti. Anasuzumira mu mpope ndi tochi, nati mizere yake ikadali yakuthwa. Kenako anayeza mpata wa pakati pa bolt ndi thako la chipolopolo, n'kupeza kuti wakula. Pa mfuti imeneyi mutu wa bolt umamasuka, ndipo ilipo ya manambala 0 mpaka 3, yosiyana kutalika pang'onong'ono. Anachotsa wa 1 n'kuika wa 2. Imeneyo si ntchito yoyesera wekha ndi mavidiyo a pa YouTube, nkhope ndi imodzi.

Zotsalazo zinali za ukalipentala, ndipo zinanditengera nyengo yonse yozizira. Galaja yanga ilibe moto weniweni, kunja kukufika pa 30 kunsi kwa ziro, ine ndili ndi kahita kamodzi kumapazi. Nditachotsa vanishi ndinapeza kuti thabwa lamwa girizi wa zaka 80. Ukaliika pafupi ndi moto limatuluka thukuta lakuda, upukute, mawa litulukenso. Milungu itatu ndikupukuta. Malo opondereka ndinkawaika kansalu konyowa n'kusita ndi ayironi, nthunzi n'kutukumula thabwalo. Ayironiyo inali ya mlamu wanu, ndipo nkhani yake tidzakambirana pamaso.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Kunsi kwa thako la mfuti kunali tizizindikiro todindidwa m'thabwa ndi oyendera ntchito a pafakitale. Ine ndi sandipepa wanga, pofuna kuti pasalale ngati tebulo, ndinatifafaniza tonse madzulo amodzi. Mdala uja ataona anavula magalasi, nati Bubba wasamukira ku Africa. Ndinaseka, koma zinandiwawa. Munthu wina anadinda pamenepo mu 1943, zizindikirozo zinapirira zaka zonsezi, n'kudzathera m'manja mwanga chifukwa chothamanga. Tsiku lomwelo anandipulumutsanso ku ngozi ina. Thabwali limapakidwa mafuta a linseed, pang'onopang'ono ndi chikhatho, kupukuta, kudikira liume, n'kubwerezanso kambirimbiri. Nsanza zopukutirazo ndinkaziunjika m'katoni pakona. Iye anazitola n'kukaziponya panja pa chipale chofewa, chifukwa nsanza za mafuta amenewa zikaunjikana zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ndikanatentha nyumba ya lendi.

Maso anga salinso a kale, choncho ndinafuna galasi loonera patali. Ndinagula chogwirira chomwe chimakhala pamalo pa choonera chakumbuyo popanda kuboola chitsulo. Vuto linabwera lina: galasi lakwera, tsaya likulendewera m'malere, diso silikupeza pakati. Mfuti za mtundu womwewu zimene ankapatsa akatswiri olasa patali ankaziika kathabwa kotsamirapo tsaya. Ndiye mukukumbuka bawo la mlombwa lomwe munandigulira ponyamuka? Linang'aluka chaka choyamba, mpweya wa m'nyumba za kuno ndi wouma kwambiri. Sindinalitaye. Ndinadulako chidutswa, kuchisema ndi tchizulo, kuyesa patsaya, kusemanso, mpaka chinakhala. Mlombwa ndi wofiirira kuposa thabwa la mfutiyo, ndipo aliyense kumalo oyesera amafunsa kuti ndi mtengo wanji. Ndikawauza amalephera kutchula.

Ulendo woyamba wokayesa unandichititsa manyazi. Pa mamita 100 zipolopolo zinamwazika papepala ponse ngati nkhuku zoona mphamba. Ndinada galasi, ndinada zipolopolo, ndinadzida ndekha. Chonsecho vuto linali thabwa lapansi lija. Kumbuyo kwake kuli timapewa tiwiri tomwe chitsulo chimatsamira mfuti ikagunda, ndipo tinali titafumbutuka ndi girizi, thabwa n'kumagwedera. Ndinasema pofumbutukapo, kumata tizidutswa ta mtengo wolimba ndi guluu, n'kupala pang'onopang'ono mpaka chitsulo chinalowa mothina. Loweruka lotsatira zipolopolo zisanu zinagwera malo oti n'kuphimba ndi chikhatho. Kwa mfuti yamsinkhu wa amayi, ine ndakhutira.

Koma chimene ndalembera kalata yonseyi ndi ichi. Mdala uja anandipatsa zipolopolo zakale za asilikali, nati ndikangofika kunyumba nditereke ketulo. Ndinayesa akunena za tiyi. Ayi ndithu. Kapsuli woyatsa wonga m'zipolopolo zakalezo amasiya mchere mu mpope, mcherewo umakoka chinyezi, ndipo pakangopita masiku ochepa dzimbiri layamba. Mafuta sauchotsa. Umachoka ndi madzi owira, kuthira ndi fanulo kuchokera kumbuyo mpaka chitsulo chitenthe n'kuuma chokha, kenako kupaka mafuta.

Achimwene, ndinaima m'galaja ndi ketulo m'manja, nthunzi ikutuluka kukamwa kwa mfuti, n'kukumbuka. Agogo ankati ku Burma mfuti ankaimwetsa madzi otentha iwo asanamwe tiyi, ndipo sajeni akapeza dzimbiri unkaona zakuda. Inu ndi ine tinkagwa nako kuseka. Tinkati nkhalamba yawonjeza, mfuti ingamwe madzi ngati mbuzi? Munafika powafunsa ngati ankaithirira shuga. Iwo anangoti mudzakula. Ndinakhala pa chigubu mpaka ketulo inazizira, mlamu wanu n'kudzandipeza akuyesa ndadwala.

Nyama sindinaphebe. Mu Novembala tinapita kutchire titavala zaolenji zowala kuti alenje ena atione. Gwape anatulukira m'mitengo patsogolo panga, ine zala zitauma ndi chisanu, ndipo pomwe ndimavula gulovu anali atapita. Mdala uja ndiye anapha wake, tinagawana. Azakhali muwauze kuti mfuti siyenda m'sutikesi, ndipo anyani awo apitirize kuwaimbira zitini.

Chopempha changa n'chimodzi. M'bokosi lachitsulo lija la kuchipinda kwa amayi munali kabuku ka usilikali ka agogo ndi mamendulo awo, ina yooneka ngati nyenyezi. Mukapita kumudzi kumapeto a mwezi uno mukatsegule, mujambule tsamba lililonse ndi mamendulowo mbali zonse ziwiri, pamalo owala. Ngati njenjete zayamba kudya kabukuko mukaike m'pepala lapulasitiki. Ndalama ya basi ndatumiza kale pa foni yanu.