Ndemanga yanga pa e-reader nditayenda nayo pa tchuthi cha banja

Ndinagula e-reader iyi, chipangizo chowerengera mabuku pa sikirini, patatsala milungu iwiri kuti tinyamuke ulendo wa masiku 7 wokacheza mumzinda waukulu, ine, mkazi wanga ndi ana athu awiri, ndipo tsopano patha miyezi 5 ndikuigwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse. Kuntchito anali atangondipatsa udindo woyang'anira gulu la anthu 9, choncho ndinali ndi mabuku angapo a utsogoleri amene ndinkafunitsitsa kuwerenga, koma m'chikwama chodzaza zovala za ana, majuzi ndi mankhwala munalibe malo a mabuku olemera. Yangayi ili ndi sikirini ya mainchesi 6 yosonyeza zakuda ndi zoyera zokha, ndipo kulemera kwake sikufika magalamu 200.

Pa nkhani ya sikirini ndilibe chodandaula. Luso limene amapangira sikirini zotere limatchedwa E Ink, linayambira ku MIT Media Lab, malo ochitira kafukufuku a payunivesite ya MIT ku America, ndipo kampani yake inakhazikitsidwa mu 1997. Owerenga anayamba kuliona pa e-reader ya Sony Librie mu 2004, kenako pa Kindle yoyamba mu 2007. Mkati mwa sikirini muli timatumba tambirimbiri tochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo kalikonse kali ndi tizidutswa toyera ndi takuda toyandama m'timadzi. Magetsi akadutsa, tizidutswa ta mtundu umodzi timakwera pamwamba, tinato n'kutsikira pansi, zilembo n'kuoneka. Zikaoneka zimakhala pomwepo popanda kudya magetsi ena kufikira munthu atatembenuza tsamba.

Phindu la zimenezi ndinaliona tsiku lachiwiri, titakhala pabenchi m'paki ana akusewera. Dzuwa linali likuswa mtengo, moti mkazi wanga ankaphimba foni yake ndi dzanja kuti aone mapu, pamene ine tsamba langa linkaoneka bwino kwambiri kuposa mmene limaonekera m'nyumba, chifukwa sikiriniyi imadalira kuwala kochokera kunja monga mmene pepala limachitira. Usiku tinkagona tonse m'chipinda chimodzi, ndipo ana akagona sindinkayatsa getsi. Timagetsi ta m'mphepete mwa sikirini timawalitsa tsamba lokhalo osati maso a wowerenga, ndipo ndikatichepetsa mphamvu palibe amene ankadzuka. Batire ndinaitchaja kamodzi tisananyamuke, ndipo tinabwerera kunyumba itatsala yoposa theka, chinthu chimene chinathandiza kwambiri poti malo otchajira m'chipindamo anali awiri okha ndipo mafoni ankachita kudikirana.

Komabe chimene ndimayamikira koposa ndi chimene chipangizochi sichitha kuchita. Sichilandira mauthenga. Ndisanapite ku tchuthi ndinasiyira ntchito mnzanga wina wa m'gulu lathu, ndipo ndinamuuza kuti andiimbire pokhapokha pakagwa vuto lalikulu. Ndikanakhala kuti ndikuwerengera pafoni, ndikudziwa kuti ndime iliyonse ikanadulidwa ndi imelo, ndipo ndikanayamba kuyankha mafunso amene mnzangayo anali wokhoza kuwayankha yekha. Zinangochitika kuti masiku amenewo ndinkawerenga za maganizo a Douglas McGregor, mphunzitsi wa ku MIT komweko, amene mu 1960 anasiyanitsa mitundu iwiri ya kaganizidwe ka oyang'anira. Woyamba, umene anautcha Theory X, umaona wantchito ngati munthu wodana ndi ntchito amene ayenera kulonderedwa ndi kuopsezedwa. Wachiwiri, Theory Y, umati munthu amene wavomereza cholinga cha ntchito amadziyendetsa yekha ndipo amalandira udindo mwakufuna kwake. Ndinawerenga zimenezi ndili m'sitima yodutsa pakati pa mzinda, mwana wanga wamng'ono atatsamira paphewa langa, ndipo ndinazindikira kuti kusatsegula imelo kwa masiku 7 kunali kuyesa koyamba kwa chikhulupiriro changa mwa anthu amene ndimawatsogolera. Nditabwerera ndinapeza kuti mnzangayo anasankha zinthu ziwiri mosiyana ndi mmene ine ndikanachitira, ndipo chimodzi mwa izo anachita bwino kuposa ine.

Ulendo wa mumzinda ndi ana uli ndi nthawi zambiri zodikira: pamzere wolowera m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, pamalo okwerera basi, pamene wamng'ono wagona masana. Nthawi zimenezi ndi zazifupi, mphindi 10 kapena 15, ndipo e-reader imatsegukira pa tsamba lenileni limene munasiyira. Inkakwana m'thumba la jekete, ndipo ndinkaigwira ndi dzanja limodzi lina litagwira mwana. Tsiku lina mvula inatipeza panja ndipo inanyowa, koma sinaonongeke. Opanga amati ili ndi chitetezo cha IPX8, kutanthauza kuti ikhoza kumira m'madzi osakhala amchere akuya mamita 2 kwa mphindi 60, ngakhale ine sindinafike poyesa zimenezo. Madontho akagwera pa sikirini masamba amatha kutembenuka okha, choncho ndi bwino kuipukuta musanapitirize.

Zofooka zilipo, ndipo kwa munthu wowerenga mabuku a kuntchito si zazing'ono. Buku la nthano munthu amaliwerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto, koma buku la utsogoleri limafuna kubwerera m'mbuyo, kuyerekeza mutu wachitatu ndi wachisanu ndi chiwiri, ndi kuyang'anitsitsa matebulo ndi zojambula. Apa chipangizochi chimachedwa. Kutembenuza masamba 40 mofulumira n'kotopetsa, sikirini imathwanima pamene ikufufuta zilembo zakale, ndipo tebulo la mizere yambiri limadulidwa kapena kuchepa kwambiri. Kuika chizindikiro pa chiganizo n'kosavuta, ndipo zonse zimene mwasankha zimasonkhana malo amodzi, koma kulemba maganizo anuanu ndi ntchito yofuna kuleza mtima, chifukwa chilembo chilichonse chimatenga kanthawi kuti chioneke. Nditayesa kwa masiku atatu ndinagula kakope kakang'ono ndi cholembera, ndipo mpaka lero ndimayenda nazo zonse ziwiri.

Mafayilo a PDF ndiwo anandikhumudwitsa kwambiri. Ndinkayembekezera kuti malipoti a kuntchito ndiziwerengera pomwepa, koma tsamba la PDF silisintha maonekedwe ake, kotero pepala la A4 likapanikizidwa pa mainchesi 6 zilembo zimachepa moti munthu sangawerenge kwa nthawi yaitali. Mabuku a EPUB, mtundu wa mafayilo opangidwira kuwerenga pa zipangizo zotere, alibe vutoli, poti mawu amadzikonza okha mukakulitsa zilembo. Wogula adziwenso kuti mabuku ambiri ogulidwa pa intaneti amakhala okhomedwa kuti azitseguka pa zipangizo za kampani imene mwagulako, ndiye ndi nzeru kuyamba mwafufuza kumene mabuku amene mumafuna amapezeka musanasankhe chipangizo. Ndi bwinonso kulowetsa mabuku onse musananyamuke, chifukwa Wi-Fi ya kumalo ogona alendo ambiri imafuna kulembetsa pa tsamba la intaneti, ntchito imene e-reader imaichita movutikira.

Kwa ana zinasiyana. Mwana wathu wamkazi wa zaka 11 anaikonda, makamaka chifukwa akakhudza liwu lovuta tanthauzo lake limabwera pomwepo, ndipo madzulo ena tinkasinthana. Wamwamuna wa zaka 5 anaikana atangoona kuti zithunzi zilibe mitundu, ndipo ndikuona kuti sanalakwe, poti mabuku a msinkhu wake amadalira zithunzi zazikulu zowala.

Chibwerereni kunyumba ndimawerenga m'mawa popita kuntchito ndi usiku ndisanagone, ndipo m'miyezi 5 imeneyi ndamaliza mabuku 6, atatu mwa iwo a utsogoleri. Ndime zina zimene ndinaika chizindikiro ndazigwiritsa ntchito pa zokambirana za gulu lathu, makamaka zokhudza kupereka udindo kwa ena ndi kudzudzula munthu popanda kumuchotsera ulemu. Ndimatchaja kamodzi pa milungu itatu kapena inayi, malingana ndi mmene ndayatsira magetsi ake. Chikuto ndinachita kugula padera, ndipo ndikulimbikitsa aliyense kuti asachinyalanyaze, chifukwa pansi pa sikirini zambiri za mtundu uwu pali galasi lopyapyala limene limatha kusweka likapanikizidwa m'chikwama chodzaza. Yanga ili ndi kachipsera kamodzi kumbuyo, kamene inapeza itagwa pampando wa basi tsiku lomaliza la ulendo, koma sikirini idakali bwinobwino. Malipoti a kuntchito ndimawawerengerabe pa kompyuta kapena papepala.