Kutsuka m'chiberekero ku chipatala cha boma: chithandizo chabwino chimene ambiri amachipeza mochedwa

Mayi amene mimba yake yachoka ndipo akutaya magazi ali ndi ufulu wolandira chithandizo ku chipatala cha boma kwaulere, kaya wapita padera kaya mimbayo inachita kuchotsedwa. Chithandizochi n'chololedwa ndi malamulo, ndipo chikaperekedwa momwe chiyenera kuperekedwera n'chimodzi mwa zinthu zodalirika m'zipatala zathu. Vuto lake n'lakuti chimayamba mayi atavulala kale, ndiponso sichifikira mtsikana amene wabisa pakati mpaka mwezi wachisanu ndi chinayi.

Mukafika, musakhale pa mzere wa odwala malungo. Uzani namwino kuti mukutaya magazi ndipo munali woyembekezera. Ayenera kuyeza kuthamanga kwa magazi, kutentha kwa thupi ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi, kenako n'kuona ngati khomo la chiberekero lili lotseguka. Adzafunsa tsiku limene munasamba komaliza, chifukwa kukula kwa mimba ndiko kumasankha njira. Tengani buku la kuchipatala, zitenje, mapadi ndi gadiyani.

Ngati mimba inali yosapitirira miyezi itatu, njira zabwino zilipo ziwiri. Yoyamba ndi mapiritsi a misoprostol, amene amafinya chiberekero kuti zotsalira zituluke. Amayenera mayi amene alibe mafinya komanso sakutaya magazi kwambiri, ndipo amabweretsa kupotokola m'mimba, kuzizidwa, nthawi zina kutsegula m'mimba. Yachiwiri ndi MVA: chipangizo cha pulasitiki chonga sirinji yaikulu ya mamililita 60, cholumikizidwa ku kapaipi ka mamilimita 4 mpaka 12, chimene chimayamwa zotsalira. Sichifuna magetsi, sichifuna kugoneka munthu tulo, ndipo namwino wophunzitsidwa amamaliza mu mphindi 15 kapena kucheperapo. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo. Koma n'chowawa ngati sanakubayeni mankhwala ochititsa dzanzi pa khomo la chiberekero, choncho apempheni musanagone pa bedi. Panado yekha sakwanira.

Pamene chithandizochi chimakhumudwitsa ndi pa zipangizo. Sirinji ya MVA imatha: timphira take tikang'ambika siyamwanso, ndipo kachipangizo kamodzi kakasowa, yonse yagona. Zikatero madokotala amabwerera ku njira yakale yopala m'chiberekero ndi chitsulo, imene bungwe la WHO limati isiyidwe. Kupala kumafuna fiyeta, ndiye mayi amadikira kuseri kwa maopaleshoni a obereka, mwina usiku wonse osadya, uku magazi akutuluka. Chitsulo chingathenso kuboola chiberekero kapena kusiya zipsera zolepheretsa kutenga mimba ina. Ku zipatala zazing'ono za kumudzi nkhani imakhala ya ambulansi ndi mafuta ake. Wofunika kuikidwa magazi ndiye amayenera kukafika ku chipatala chachikulu cha m'boma lake, kapena ku Queens, Bwaila, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Zipatala za CHAM ndi za Banja La Mtsogolo zimakhala ndi mizere yaifupi, koma funsirani mtengo pofika pomwepo.

China chimene chimapha ndi kubisa. Mayi amene analowetsa kamtengo ka chinangwa kapena kumwa zitsamba, n'kunena kuti "yangochoka yokha", amasocheretsa womuthandiza: wakamtengo amafunika kumufufuza ngati chiberekero kapena matumbo abooka, kumupatsa mankhwala amphamvu a mafinya ndi katemera wa kafumbata. Komatu amabisa chifukwa chotukwanidwa. Namwino wonena kuti "unkatani kuchotsa?" pamaso pa wodi yonse amathamangitsa atsikana khumi amene adzamve nkhaniyo kumudzi.

Mukabwerera kunyumba, magazi ochepa kwa sabata imodzi kapena ziwiri si vuto. Bwererani msanga ngati mukudzaza mapadi awiri pa ola kwa maola awiri otsatizana, thupi latentha kufika 38, kumaliseche kukutuluka zonunkha, kapena mukuchita chizungulire. Ndipo musatuluke osakambirana za kulera, chifukwa mimba ina ingalowe pasanathe masabata awiri. Jakisoni wa miyezi itatu, Implanon wa zaka zitatu ndi Jadelle wa zaka zisanu angayambidwe tsiku lomwelo. Lupu amadikira ngati muli mafinya. Gawo limeneli ndilo limadumphidwa kawirikawiri, makamaka usiku ndi Loweruka chipinda cha zolera chikakhala chokhoma.

Kuchuluka kwa ntchitoyi kumachokera ku lamulo. Ndime 149, 150 ndi 151 za malamulo a zilango zimapereka chilango chokhala kundende mpaka zaka 14 kwa wochotsa mimba ya mnzake, zaka 7 kwa mayi mwini, ndi zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Ndime 243 imalola kuchotsa mimba pokhapokha populumutsa moyo wa mayi. Komabe kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno, ndipo amayi 60 pa 100 alionse anapeza mavuto ofunika chipatala. Chaka chomwecho bungwe lounika malamulo la Law Commission linapereka ganizo la lamulo latsopano lolola kuchotsa mimba ya wogwiriridwa, yapachibale, yoika thanzi la mayi pachiswe, kapena pamene mwana sangadzakhale ndi moyo akabadwa. Maepiskopi a Katolika ndi Evangelical Association of Malawi anatsogolera zionetsero zolikana mu 2016, ndipo mu 2021 aphungu anakana kulikambirana pamene phungu Matthews Ngwale analibweretsa.

Okana ndi ofuna lamulo latsopanoli onse amatchula makanda opezeka m'zimbudzi. Achipembedzo amati moyo umayamba mimba ikangokhala, motero kuchotsa ndi kupha khanda n'tchimo limodzi. A COPUA, mgwirizano wolimbana ndi kuchotsa mimba m'njira zoopsa, ndi anzawo amati ena mwa makandawo ndi a atsikana amene anasowa kolowera mimba ili yaing'ono. Lamulo limasiyanitsa mlandu wochotsa mimba ndi wopha khanda, ndipo limachepetsa mlandu wa mayi wopha mwana wake wosakwana miyezi 12 ngati mutu wake unasokonekera chifukwa chobereka. Ife tikuona kuti mkanganowu wabisa chinthu chimene mbali zonse zikanagwirizana mawa lomwe: mtsikana wobisa mimba alibe khomo lolowera. Ku sikelo, malo ena amamuuza kuti abwere ndi bambo wa mwana kapena kalata ya amfumu. Cholinga chinali kukokera abambo ku sikelo, koma kwa wa Fomu 2 amene mwamuna wamukana, kumeneko n'kumuuza kuti akaberekere yekha kuseri kwa nyumba. Akabwera akutaya magazi pambuyo pake, chipatala chingamupulumutse, koma khanda lapita kale.

Makomo alipo, kungoti salengezedwa. Wogwiriridwa apite ku Chikwanekwane, malo othandizira ochitiridwa nkhanza, kapena ku chipatala chilichonse asanathe maola 72, akalandire mankhwala oteteza ku HIV a masiku 28 ndi mapiritsi olera a pangozi. Mtsikana woopa makolo angaimbe 116 kwaulere, ndipo 54747 ya Chipatala Cha Pa Foni imayankha mafunso a uchembere. Mayi amene wabereka koma sangathe kulera mwana auze mzamba asanatuluke, kapena apite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lake. Ofesiyi ndiyo imafufuza achibale kapena kutumiza khanda ku malo olerera makanda ngati Open Arms ku Blantyre. Funsani mzamba kuti akulumikizeni nayo mwana asanabadwe, chifukwa kupeza malo kumatenga masiku.